Boti Losaphwa la Layisoni

Inu mukuseka za boti la Layisoni chifukwa munazimvera pamjigo, pamene nkhani amaithira mchere mpaka kuwawa. Ine Dolika ndinalisenza pamutu panga pano botilo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la bulugamu ndimasiya kudya. Kankhirani chikuni icho mkati, utsi ukundilowa m'maso, ndikuuzeni mmene zinayendera.

Layisoni ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali anga aNankhoma. Azakhali anabereka amuna awiri okha, a Dafuleni akulu, ndi Layisoniyo chitsirizira. Pachisuweni ine ndinkamutcha mwamuna wanga, n'kumamunyoza mmene ndafunira, iye n'kumabweza. A Dafuleni sindinkawaseweretsa kwenikweni. Anali munthu wofatsa, wodwala mphumu chibadwire, woti akamakwera kachitunda kochokera kudimba unkayamba kuwamva usanawaone, m'chifuwa mukulira fwii, fwii. Akazi awo, Nachisale, anali mtengwa wochokera cha ku Madisi, ndipo ana analibe. M'mawa uliwonse mayi ameneyo ankawiritsa masamba a bulugamu kuti amuna ake akokere nthunzi yake atafunda bulangete, mpaka fungolo linawakakamira m'malaya. Kuchipatala anawapatsa kampope ka buluu kopopera m'kamwa chifuwa chikatseka. Nachisale anakamangirira kansalu kofiira kuti kasamasowe.

Chaka chimenecho Layisoni anabwera kuchokera ku Joni m'mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira, mchenga ukuotcha kumapazi. Anzake akamachokera ku Joni amabwera ndi njinga, mabulangete, ena mpaka makina osokera. Wathuyu anatsika basi ndi chikwama chachikulu, n'kusololamo chinthu chachikasu chopindapinda ngati lona. Akuti boti, lochita kupopa ngati chubu. Akuti azungu a kumene ankasamalira maluwa amakwera zoterezi nthawi yotentha, n'kumangoyandama ndi mtsinje, akudya, akumwa. Ndinamufunsa ngati azunguwo anamuuzanso kuti mu Bua muli ng'ona. Anati vuto langa ndi umbuli wakumudzi.

Amene anakondwa ngati mwana ndi a Dafuleni. Mudziwe kuti munthu ameneyu anakulira m'mbali mwa Bua koma sanasambirepo, chifukwa azakhali ankamuletsa madzi ozizira poopa chifuwa. Anzake akamadumphira m'dziwe iye ankasunga malaya awo pamtunda. Ndiye atamva kuti angathe kuyenda pakati pa mtsinje osanyowa, anayamba kusema nkhafi ziwiri tsiku lomwelo. Anapangana ndi mng'ono wawo kuti adzanyamuka m'mawa kuchokera pa mkuyu wa kumtunda, adzatsetsereka ndi madzi akuwedza, nsomba adzaotchera pamchenga, adzatsikira padooko la pamudzi.

Tsiku lolongedza ndi pamene zinadziwika kuti mwamuna wanga wanzeru za ku Joni uja pampu anaiiwala ku Joni komweko. Ya njinga inakana kulowa pakamlomo ka botilo. Panatsala kuuzira ndi pakamwa basi. Layisoni anayamba, koma posakhalitsa anagona chagada pansi pa mtengo wa mango, akuti chizungulire. A Dafuleni anaseka n'kutenga kamlomo kaja. Nachisale anawaletsa, anawakalipira, anafika powakumbutsa kuti iye ndiye amene sagona iwo akabanika. Iwo anati atauzira pang'ono pokha. Pang'ono pakepo panatha masana onse. Ankauzira, n'kupuma, n'kupopera kampope m'kamwa, n'kukaika pamphasa, n'kuyambanso. Layisoni ali chigonere ankawachemerera kuti achimwene ndi akatundu. Dzuwa likupendeka boti linaima gwa, lonyezimira, ana a mudzi wonse atalizungulira.

Ine ndinalipo madzulo amenewo, ndikusenda chinangwa choti atenge. Pamphasa panali pataunjikidwa za ulendo: mbedza, mchere, machesi, kampeni, tochi, makapu awiri a pulasitiki. Layisoni anatiphunzitsa ife ambuli kuti pamadzi salongedza chisawawa. Chilichonse choopa madzi chimalowa m'jumbo, n'kumanga mfundo, jumboyo n'kulowa m'chidebe chotseka bwino. Anali atapeza chidebe cha penti cha chivundikiro cholimba. Anakokolola zonse za pamphasa ndi mkono umodzi uku akundinyoza, n'kumanga, n'kuika m'chidebe pamodzi ndi chinangwa chija, n'kutseka, n'kukhalira chivundikirocho kuti chigwire. Boti ndi chidebe anakazitsekera m'nyumba yake ya malata, kiyi m'thumba, ulendo wa pa senta kukaonetsa jekete kwa anzake akumowa.

Anabwerako kutacha, n'kupeza anthu akulira.

Chifuwa chinawatseka a Dafuleni usiku. Nachisale anapapasa pamutu pa mphasa pamene kampope kankakhala, sanakapeze. Anakutumula mabulangete, anataya ufa pansi pofufuza m'dengu, anakwawa nyumba yonse ndi koloboyi m'manja, amuna ake akumuyang'ana, akulephera ngakhale kumutchula dzina. Pamene anthu ankamanga ngolo kuti athamangire kuchipatala, zinali zitatha.

Azakhali anga ndi munthu wabwino, koma chisoni chikawagwira pakamwa pawo pamatuluka moto. Pamaliro pomwepo, anthu ali phee, analoza mpongozi wawo.

"Kanthu kamodzi kokha, iwe Nachisale. Kanthu kamodzi kokha ndi kamene unapatsidwa kuti usunge."

Mawu amenewo anamera mizu. Mtengwa alibe womuikira kumbuyo pamudzi wa eni. Pamjigo amayi ankangoti zii iye akafika, akachoka n'kuyambiranso. Ena anati anakataya dala, ena anati anali ndi wina ku Madisi. Iye anasiya kupita kumtsinje m'mawa ndi anzake, n'kumakachapa dzuwa lili paliwombo, nthawi imene padooko sipakhala munthu. Chimene chinkandipweteka ine n'chakuti mwini wakeyo anakhulupirira kuti analakwadi. Sanasiye kufunafuna. Mvula inagwa, chimanga chinacha, tinakolola, koma ukadutsa pakhomo pake m'mamawa unkamupeza akutokosa padzala ndi kamtengo, kapena atayatsa udzu akuunika kunsi kwa nkhokwe. Ukamupatsa moni ankayankha maso ali pansi, akuyang'anabe.

Ankhoswe anagwirizana kuti adzamusudzula chilimwe chotsatira, abwerere kwawo. Azakhali analumbira kuti tsiku limenelo adzanena zonse pamaso pa abale ake, kuti ku Madisi akadziwe mtundu wa mkazi amene anabereka. Ndipo mukudziwa kuti mbiri yotere ikakutsogolera kwanu, sipapezekanso mwamuna kapena mnzako wokudalira.

Tsono Layisoni. Ku Joni sanabwererenso. Tinati ndi chisoni. Jekete ija anasiya kuvala, nthabwala zinatha, ndikamuputa ankangomwetulira mano okhaokha. Akaona Nachisale akubwera panjira, iye ankakhotera m'chimanga. Boti analipachika kumitanda ya denga m'nyumba mwake, mmene linalili, losaphwetsa.

Chinayamba kundidabwitsa ndi chimenecho. Mpira wa ana umaphwa pa sabata. Tayala la njinga ukaliimika mwezi umalipeza lagona. Koma botilo, louziridwa ndi pakamwa pa munthu wodwala, linadutsa dzinja, linadutsa masika, linadutsa kuzizira kwa Juni, lili gwa ngati lauziridwa dzulo. Ndinalowa m'nyumbamo tsiku lina kukabwereka sefa, ndinalidina ndi chala. Linali lofunda. Ndinadziuza kuti ndi malata, ngakhale kunja kunali mitambo ndi kamphepo.

Kenako nkhuku za azakhali, zimene zinkaikira mazira kuseri kwa chitseko cha Layisoni, zinasiya kulowamo. Galu wa pamudzi akafika pakhondepo ankaima, n'kupendeketsa mutu ngati akumvera munthu, n'kugwedeza mchira. Galu ameneyo anali wa a Dafuleni.

Kutayamba kutenthanso, phokoso linayamba. Silinkadikira usiku ayi. Masana enieni, anthu atabisala m'mithunzi, ukadutsa kuseri kwa nyumba ya Layisoni unkamva fwii, kenako chete, kenako fwii. Amuna anati ndi malata akufutukuka ndi dzuwa. Malata ine ndimawadziwa, amalira tha, tha. Azakhali analimva tsiku lina akuchokera kothyola masamba, anakhala pansi panjira pomwepo, ndiwo zili pamwendo.

Layisoni anasamukira m'khitchini ya amayi ake, akuti m'nyumba mwake mukutentha. Ndipo nayenso anayamba kabefu. Munthu amene ankathamangitsa mpira tsiku lonse anayamba kupumira panjira pochokera kumjigo. Ndinamuuza kuti apite kuchipatala akamupatse kampope. Mmene anandiyang'anira, ndinachita kubwerera m'mbuyo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti abale a Nachisale afike, Layisoni anandipeza ndikutsuka mbale. Anati akufuna kukwaniritsa ulendo umene anapangana ndi achimwene ake, ayende yekha pamtsinje, mwina mtima wake ungakhale pansi. Anati ndimuthandize kunyamula boti chifukwa iye mpweya ukumuchepera. Ndinamuuza kuti anthu akukonzekera alendo, iye akuganiza zokasewera pamadzi, mutu wake ukuyenda bwino? Sanabweze. Msuweni wosabweza chipongwe amaopsa, ndiye ndinapukuta m'manja n'kumutsatira.

Atatsekula chitseko tinapeza boti lili pansi, mphuno yake italoza kukhomo. Zingwe zimene analimangira zinali lendelende kumitanda, mfundo zake zosamasuka. Ndinamufunsa ngati analitsitsa yekha. Anati eya, dzulo. Koma kiyi anali atalimbana naye nthawi yaitali pa loko wadzimbiri, ndipo pafumbi la pansi mapazi anali athu okha.

Anayala mphasa pakhonde n'kuyamba kulongedza. Anaika botolo la madzi, mbatata zootcha, chipewa, chingwe. Anatenga nkhafi imodzi, inayo n'kuitsamiritsa kukhoma mkati. Kenako anatulutsa chidebe cha penti chija, fumbi lili mbuu pachivundikiro, akuchigwira ngati muli njoka.

Ndinati atsekule titaye chinangwa cha chaka chatha, chaola kale chimenecho, titsukemo tiikemo mbatatazi. Anati chisatsekulidwe. Ndinati nanga machesi ndi mbedza si zili momwemo, akawedza ndi zala? Ndinatambasula dzanja kuti ndikanganule chivundikiro. Anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zake zinadinda.

"Dolika, ndakupempha boti. Chidebechi usachikhudze."

Chibadwire sananditchulepo dzina langa lenileni. Ndinali mkazi wanga, kapena mfiti iwe, kapena wakumudzi. Ndinachotsa dzanja.

Titatulutsa boti panja n'kuikamo katundu kuti tione ngati akwana, nkhafi zinalimo ziwiri. Ndinasuzumira m'nyumba, kukhoma kunalibe kanthu. Layisoni anaiyang'ana nkhafi yachiwiriyo, imene a Dafuleni anailemba dzina lawo ndi msomali wamoto, koma sanaichotsenso.

Tinanyamuka dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinasenza boti, iye chidebe ndi nkhafi. Silinkalemera, koma ndikuuzeni zoona, pamutu panga linkachita ngati nthiti za ng'ombe yogona, kufufuma pang'ono, kubwerera, kufufuma pang'ono. Ndinati mwina ndi mayendedwe anga. Ndinaima. Silinasiye. Thukuta limene linkanditsika kumsana linazizira, koma kulitula ndinaopa kuposa kulisenza.

Pakanjira ka m'madimba tinakumana ndi bambo wina wokankha njinga ya makala, wachilendo, sindinamuonepo kale ndipo sindinamuonenso. Anapatukira m'udzu kutipatsa njira. Anandipatsa moni, anapatsa moni Layisoni, kenako anagwira chipewa n'kuweramira kumbuyo kwathu, kupereka moni wachitatu. Titamudutsa anatiitana mwaulemu.

"Pepani, muziwadikirako akuluwo. Chifuwa chawavuta."

Sindinacheuke. Ndi boti pamutu sukanatha kucheuka msanga, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chimenecho. Layisoni anacheuka. Sindikudziwa chimene anaona, sindinamufunsepo. Ndinangomva chidebe chikugunda pabondo pake, gu, gu, gu, akuyenda mothamanga kundipitirira, ndipo nyenje zonse za m'mitengo zinali zitasiya kulira.

Pa mkuyu madzi anali ochepa, oyenda mwaulesi, monga Bua amachitira chilimwe. Tinaika boti pamadzi. Layisoni anakhala kumbuyo, chidebe anachipana ndi miyendo. Kutsogolo, kumene kunalibe munthu kapena katundu, boti linabonyeka n'kumira pang'ono, mmene mpando wa khushoni umachitira munthu akakhalapo. Ndinamulozera. Anati ndizipita kunyumba, ndamuthandiza mokwanira. Anakankha ndi nkhafi, madzi n'kumutenga.

Kunyumba sindinapite. Munthu amene wakana kutsekula chidebe, wasankha tsiku lotere, sakupita kukawedza. Ndinamutsatira cham'mbali, ndikudula m'madimba a anthu, bango likundicheka m'miyendo. Pakati pa mkuyu ndi dooko la pamudzi pali dziwe la pa Thanthwe, lakuya, lakuda, losaphwa ngakhale chaka cha chilala. Ndinafika pamwamba pa thanthwelo iye akulowa m'dziwemo.

Anasiya kupalasa. Anayang'ana uku ndi uku, ine ndinabisala kuseri kwa chitsamba. Ananyamula chidebe, anachigwira pachifuwa kanthawi, milomo ikuyenda, n'kuchiponya m'madzi.

Mwamuna wanga wanzeru za ku Joni! Chidebe chotseka bwino, chopanda mwala mkati, chingamire bwanji? Iye mwini ndiye anatiphunzitsa kuti amatsekera dala kuti madzi asalowe. Kuika mwala kukanafuna kutsekula, ndipo kutsekula ndi kumene ankaopa chaka chonse. Chidebe chinati chubwi, n'kutumphukanso, n'kumayandama pambali pake. Anachikanikiza ndi nkhafi, chinatulukira mbali ina. Anachimenya, anachikanikizanso atagwada, akulira ngati mwana. Kenako chinayamba kuyenda, kutsetsereka ndi madzi, boti n'kumachitsata pambuyo. Anapalasa chobwerera ndi mphamvu zake zonse. Pa dziwe lopanda mkokomo ngati limenelo mwana amatha kubweza bwato ndi dzanja, koma boti silinamumvere.

Ndi pamene ndinamva kulira kuja, fwii, fwii, pamwamba pa madzi. Poyamba ndinayesa ndi boti. Ayi, anali Layisoni. Nkhafi inamupulumuka, anagwira pakhosi, mapewa akukwera ndi kutsika.

Ndinathamanga, minga sindinaimve. Pamene ndinkatulukira padooko, Nachisale anali pomwepo yekha, monga mwa masiku onse, akuchapa zitenje zake zoti anyamule mawa. Chidebe chinabwera n'kugunda mwala umene ankachapirapo. Boti linakocheza pamchenga patsogolo pake penipeni, ngati wina waliimika.

Mayi uja atamva kupuma kumeneko anataya sopo. Analowa m'madzi, anamukhazika tsonga mlamu wake, anamuweramitsira kutsogolo, akumusisita kumsana, zonse zimene manja ake anazolowera. Koma maso ake anali ngati a munthu amene wabwezedwa ku usiku uja. Anayamba kupapasa m'boti, pansi pa chipewa, m'matumba a Layisoni, akunong'ona kuti kali kuti, kali kuti, Mulungu wanga, kali kuti. Anandiuza kuti ndithamange kumudzi akamange ngolo. Tonse tinkadziwa kuti ngolo singafike nthawi yake. Milomo ya Layisoni inali itayamba kuda.

Ine ndinaima m'madzi ofika m'mawondo, ndikumuyang'ana msuweni wanga, ndipo ndinaona kuti akudziwa kumene kampope kali. Akanatha kungotseka maso, n'kupita nacho chinsinsi chake, ife n'kumulira ngati munthu wosalakwa. Ndikhulupirira kuti anaganizako zimenezo, chifukwa anatseka maso nthawi yaitali ndithu. Kenako anakweza dzanja n'kuloza chidebe.

Nachisale sanamvetse. Iye analozanso. Ndinachikoka ine, ndinakanganula chivundikiro ndi mwala. Fungo la chinangwa choola linatuluka. Pansi pake panali jumbo yomanga mfundo. Nachisale anaing'amba ndi mano. Munagwa machesi, tochi, kampeni, makapu awiri, ndi kanthu ka buluu komangirira kansalu kofiira.

Abale anga, ndaonapo maliro ambiri, koma nkhope ngati imene ija sindinaionepo. Sanakuwe. Anakatola, anakatembenuza, anasisita kansalu kaja ndi chala chachikulu. Anayang'ana Layisoni, amene ankafa pamwendo pake. Anayang'ana kampope. Ine ndikanama ndikati ndikanamudzudzula akanakaponya m'madzi. Chaka chathunthu akutokosa padzala, munthu amene ankadziwa akumuzemba m'chimanga.

Anakakhutchumula mmene ankachitira kale, anakaika pakamwa pa mlamu wake, n'kudina. Anadikira. Anadinanso. Pang'onopang'ono mapewa a Layisoni anatsika, mpweya unayamba kulowa. Atangopeza mawu anayamba kubwebweta kuti sanachite dala, anakakokolola osaona, anazindikira m'mawa wa maliro atakumbukira mphasa ija, anaopa amayi, anaopa mudzi, tsiku lililonse ankati anena mawa.

"Musataye mpweya, alamu," anatero Nachisale, mawu ali pansipansi. "Muusunge. Mudzaufuna mawa pamaso pa amayi anu."

Atangotero, kumbuyo kwathu kunamveka kupuma kwakutali, kosalira fwii ayi, koma kosalala, ngati kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Boti linali likuphwa. Kamlomo kake kanali kotsekabe, ndinakaona ndi maso angawa, ndipo panalibe pobooka. Linangofota pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo kuja kunabonyeka, mpaka linagona pamchenga ngati chitenje chonyowa. Ndipo dooko lonse linadzaza fungo la bulugamu. Inu mukudziwa kuti kumtsinje kuja kulibe bulugamu ngakhale umodzi. Nachisale anatseka maso, anakoka fungolo mpaka m'chifuwa, ndipo apo ndiye analira.

M'mawa mwake abale a ku Madisi atakhala pamphasa, azakhali atakonza kale kukhosi kuti ayambe, Layisoni anaimirira, anaika kampope pakati pa bwalo, n'kunena zonse. Sanachepetseko. Mlandu suola, akulu ananena, koma sananene kuti ukamatuluka umanunkha bwanji kwa onse amene anakhala nawo pafupi. Amayi a pamjigo aja aliyense anayang'ana zala zake za kumapazi. Kenako azakhali anayenda chogwada kuchoka pamene anali mpaka pamapazi a mpongozi wawo, n'kuwagwira. Anamupempha pambuyo pake kuti akhale, nyumba ndi dimba ndi zake.

Nachisale anawadzutsa mwaulemu, anawakhazika pamphasa, koma anakana. Anamasula kansalu kofiira n'kukamanga pansonga ya chitenje chake. Kampope anakasiya m'manja mwa Layisoni, akuti ndi amene akukafuna tsopano. Anakwera njinga ya mlongo wake dzuwa lisanapendeke.

Layisoni alipo, mumamuona. Mphumu sinamuchoke, kuchipatala akuti imatha kuyamba munthu atakula, ndipo ine sinditsutsana nawo. Boti analipinda n'kukalikwirira kumene sananene. Ndimamutchabe mwamuna wanga, nthawi zina amabweza.

Chaka chatha ndinakumana ndi mlongo wake wa Nachisale pamsika wa ku Madisi, ndinamufunsa za iye. Anati ali bwino, akugulitsa tomato, wanenepako. Koma anati miyezi yoyamba ankamuona m'mamawa, anthu asanadzuke, atagwada, atatukula ngodya ya mphasa, akupapasa pansi. Kenako ankaima, n'kukhala chogwada choncho kanthawi, n'kuibwezera mphasayo pang'onopang'ono.